Kodi boti la matabwa limanyamula anthu angati? Yunivesite itiyankhe

Funso limeneli ndinafunsa ndine tsiku lina pagombe lina chakumpoto uku, dzina lake silofunika chifukwa zoterezi nzapaliponse. Tinkakwera boti la matabwa, lija la injini imodzi kumbuyo, katundu anali atalowa kale, matumba a chimanga, makireti a zakumwa, malata angapo, njinga yamoto ataigoneka pakati, kenako ife anthu pamwamba pa zonsezo ngati nkhuku zopita kumsika. Madzi anali atatsala pang'ono kufika pamlomo pa boti, ukangotsitsa dzanja osawerama nkomwe wawakhudza. Nde ndinafunsa mkulu amene amatolera ndalama uja kuti achimwene, boti lanuli malire ake ndi anthu angati? Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, kenako nkuseka, amvekere bwana likadzadza timaliona ndi maso, inu khalani pansi musamayendeyende. Tinafika bwino, Mulungu ngwabwino, koma ulendo onsewo ine maso anali pa kamnyamata kamene kankakapa madzi ndi chigubu chodula, kakangopuma pang'ono mtima wanga umaima.

Patapita miyezi ingapo ndinapezeka pa semina ina mu hotelo ya m'mbali mwa nyanja yomweyi, mutu wake unali uja watchuka masiku ano wa blue economy, ati chuma chochokera m'madzi. Munali madokotala a maphunziro, mapulofesa, mabwana ochokera ku Lilongwe, laputopu patebulo lililonse, botolo la madzi, maswiti, tiyi wa 10 koloko, ndipo zoyankhula zinali zabwino ndithu sindinama, uyu za nsomba, uyu za alendo okaona malo, uyu za kusintha kwa nyengo. Itakwana nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja nkufunsa langa lomwe lija, kuti maboti tikuwaona pawindopa akudutsawa, mwa inu alipo amene angatiuze kuti limodzi linganyamule makilogalamu angati lisanayambe kuopsa? Holo yonse zii. Wapampando anati funso labwino kwambiri limenelo tiliika mu lipoti, kenako tinapita kokadya, masana nkusainira alawansi, nkumwazikana. Mmisiri okhoma maboti munalibe olo mmodzi, oyendetsa boti munalibe, injiniya wa mu sitima munalibe.

Nde ganizo langa ndi ili, ndipo amene akwiye akwiye. Kafukufuku wa za kapangidwe ndi kayendedwe ka sitima, amene anzathu amati maritime engineering, dziko lino likumufuna kwambiri kuposa mmene mayunivesite athu amaganizira, koma asayambire pa maloto a sitima zikuluzikulu ndi madoko a pa slide ayi, ayambire pa boti la matabwa limene agogo athu akukwera lero popita kuchipatala, ndipo semina yake ichitikire pamchenga, anthu atapinda mabuluku.

Ndikudziwa kale yankho la anthu ena, ati aise ife dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, za sitima nza ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Oyankhula choncho sanaonepo mwera. Nyanja ya Malawi kutalika kwake ndi makilomita oposa 560, pena pake kuya kwake kumafika mamita 700, ndipo anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu msewu wao ndi madzi basi, ufa, simenti, mafuta, odwala, maliro, zonse pamadzi. Ku Ruarwe ndi ku Usisya nako, mapiri aja anatsekereza moti kwa anthu ambiri njira yodalirika ndi boti. Onjezerani Chilwa ndi chilumba chake cha Chisi, Malombe, Chiuta, ndi Shire kumunsi uku komwe anthu amaoloka pabwato tsiku ndi tsiku. Kunena kuti tilibe nyanja kuli ngati munthu wa ku Mulanje kunena kuti kwao kulibe phiri chifukwa si Kilimanjaro.

Ndipo mbiri inatimenya kale khofi. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, isanathe olo chaka ikunyamula anthu, inagubuduzika pa namondwe chakufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, nkumira ndi anthu 145. Mpaka pano anthu okamba nkhaniyi amabwerera pa mfundo imodzi, yoti sitimayo inkaoneka yolemera kumwamba ndipo mafunde a nyanja yathu sanayimvere chisoni. Limeneli si funso la ndale kapena la mizimu, ndi funso la masamu, loti kulemera kwa chombo kwakhala pati ndipo chikapendekeka chili ndi mphamvu zingati zodzukanso. Kwa anzathu a ku Tanzania pa nyanja ya Victoria zinachitika kawiri mokulira, MV Bukoba mu May 1996 pafupi ndi Mwanza, anthu mazanamazana, kenako MV Nyerere mu September 2018 pafupi ndi chilumba cha Ukara, anthu oposa 200, itadzadza mopyola muyeso, doko akuliona ndi maso. Kwathu kuno mukukumbukira boti lija linagubuduzika ku Mlowe ku Rumphi pa Pasaka wa 2017, anthu akuchokera kumapemphero. Chaona mnzako chapita, paja akulu anatero, koma ife chinationa kale, kangapo.

Chimene chimandipweteka ine pa mbiri ya sitima zathu nchoti zitsulo zinabwera koma nzeru yozijambula inatsala komweko. Sitima ya Chauncy Maples anaipanga ku Glasgow, nkuiphwasula m'zidutswa zoposa 3,000, kubwera nazo kudzera mu Zambezi ndi Shire, kwina kusenza pamutu, boila yake yolemera matani 11 anaikoka amuna achingoni mazana angapo kudutsa mapiri, ndipo poti manambala a pa zidutswazo anafufutika powakuta ndi mankhwala oletsa dzimbiri, kulumikiza kwake kunatenga zaka ziwiri mpaka inalowa m'madzi mu 1901. Ilala yathu nayonso ndi ya komweko, anaipanga a Yarrow ku Scotstoun mu 1949, zidutswa zake zinadzera ku Beira nkukwera sitima yapamtunda kudzafika ku Chipoka, nkuyamba ntchito mu 1951. Zaka zoposa 70 gogo ameneyu akuyendabe, ndipo ulemu upite kwa amisiri a ku Monkey Bay amene amugwira mpaka lero, amenewo ndi madokotala enieni olo alibe gauni. Koma taonani, mu mzinda omwewo wa Glasgow muli University of Strathclyde imene mpaka pano ili ndi dipatimenti yathunthu ya za kujambula sitima, ndi dziwe lake loyeserera. Iwo anatsala ndi sukulu, ife tinatsala ndi sipanala.

Dziwe loyeserera ndi chani? Ndi ngalande yaitali ya simenti yodzadza madzi mkati mwa nyumba, amapanga kachifanizo ka sitima, kukakoka m'madzimo, kupanga mafunde ndi makina, nkuona mmene kakuchitira sitima yeniyeni isanapangidwe. Anayambitsa ndi William Froude ku Torquay cha m'ma 1870, a ku Netherlands ali ndi malo awo otchuka a MARIN ku Wageningen kuyambira 1932. Zimenezi nzodula ndipo ine sindikunena kuti MUBAS, yunivesite ya ku Chichiri ija kale inali Polytechnic, ikumbe dziwe lotere chaka chamawa, tingangodzinamiza, likhoza kuthera pa mwala wamaziko ngati zina zija.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine chili pafupi, ku South Africa. Dziko limenelo lili ndi sitima ya kafukufuku yotchedwa SA Agulhas II, yopangidwa ku Rauma ku Finland, inayamba ntchito mu 2012, imapita ku Antarctica ndi ku zilumba za Marion ndi Gough, ndi yomwe ija inapeza Endurance, sitima ya Shackleton imene inamira kalekale ku Antarctica, pansi pa nyanja mu March 2022. Mainjiniya a ku Stellenbosch University anaona kuti sitima yeniyeni ilipo kale ndipo ikuyenda, nde anaimata timasensa thupi lonse, ndipo ophunzira awo amakwera nawo maulendo amenewo nkumayeza mmene ikunjenjemerera, mmene mafunde akuimenyera kumatako, mmene shafti ya pulopela ikuvutikira mu ayezi, ngakhalenso mmene anthu akusowera tulo ndi kudwala chifukwa cha kugwedezeka. Pa ntchito imeneyi patuluka madigiri a masters ndi PhD, ndipo agwira limodzi ndi a Aalto University a ku Finland. Labotale yao ndi sitimayo. Nde ine ndimadzifunsa, Ilala ikamanyamuka ku Monkey Bay kupita mpaka ku Chilumba nkubwerera, kudutsa m'mafunde a mtundu ulionse amene nyanja yathu ili nawo, chikuletsa nchani kuti ophunzira awiri a chaka chomaliza akwere nawo ndi kabokosi ka masensa? Foni imene muli nayo m'thumbayo ili nako kale kachipangizo koyezera kupendekeka ndi kugwedezeka, kaja kamatembenuza chithunzi mukaigoneka cham'mbali.

Tibwerere ku boti la achimwene aja, chifukwa apa mpamene pali nkhani yonse ndipo ndikufuna muone kuti kutchipa kwake nkochititsa manyazi. Pali muyeso umene sitima iliyonse yaikulu imachitidwa ikangotha kupangidwa, ndipo ungathe kuchitika pa boti la matabwa m'mawa umodzi. Mumasankha nthawi imene nyanja yagona, boti lili lopanda anthu, madzi a mkati mwakapa onse. Pakati pa boti mumaimika kamtengo nkumangirira chingwe chokhala ndi mwala kumapeto, ngati chija amagwiritsa omanga nyumba poona ngati khoma laongoka, pansi pake nkuika lula. Kenako mumatenga zinthu zoti kulemera kwake mukukudziwa, tinene matumba a simenti a makilogalamu 50, nkuwasuntha kuchoka pakati kupita m'mbali pa mtunda umene mwayeza. Boti lipendekeka pang'ono, chingwe chija chisuntha pa lula, mulemba. Mubwezera, musunthira mbali inayo, mulembanso. Kulemera kwa boti lenilenilo mumakupeza poyeza thupi lake ndi pamene madzi alekezera, paja chinthu choyandama chimakankha madzi olemera chimodzimodzi ndi icho, za Archimedes zija tinkaloweza ku sekondale osadziwa ntchito yake. Mukaphatikiza manambala amenewa mumapeza nambala imodzi imene mainjiniya amaitcha GM, imene imakuuzani kuti boti limeneli likakankhidwa lili ndi mphamvu zingati zobwerera mwakale. Kuchokera pamenepo ndi masamu basi, mukaika anthu 30 chikuchitika nchani, mukaika 50, mukasanjikiza matumba mpaka m'chifuwa anthu nkukhala pamwamba.

Palinso njira ina yachidule yoti olo mwana wa fomu 2 angathe, kuligwedeza boti uku ndi uku kenako nkulisiya, wina nkumawerenga masekondi pafoni kuti likutenga nthawi yaitali bwanji kupita ndi kubwera. Ndipo apa pali chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri. Boti limene limagwedezeka mwachangu, lokutukumulani m'mimba lija, nthawi zambiri ndi limene lili ndi mphamvu. Limene limapendekeka mwaulesi, pang'onopang'ono ngati likukunyengererani tulo, okwera nkumati koma boti ili ndi lofewa bwanji, limenelo nde loopsa, mphamvu yake yodzuka yatsala pang'ono. Ndiye mawu aja oti timaliona ndi maso ali ndi malire ake, maso ndi thupi zimatha kukunamiza, boti limamveka bwino kwambiri pa nthawi yomwe latsala pang'ono kukupereka.

Nanga madzi aja kamnyamata kankakapa? Ambiri timaganiza kuti vuto lake ndi kulemera chabe, ayi, vuto lalikulu ndi kuthamanga kwake. Amayi onse otunga madzi amadziwa, ndowa yosadzadza pamutu imavuta kuposa yodzadza chifukwa madzi amathamangira mbali imene wapendekera nkukukokera komweko, nchifukwa chake amathyola masamba nkuika pamwamba kuti madzi adekhe. Mu boti lotambalala pansi, madzi ofika m'kakolo chabe amatha kudya gawo lalikulu la mphamvu ija ya GM. Mankhwala ake ndi omwewo a masamba, timatabwa togawa pansi pa boti m'litali kuti madzi asamathamange kuchoka mbali ina kufika ina. Anthu nawonso ndi madzi, akaona doko onse amadzuka nkuthamangira mbali imodzi. Izi zili m'buku lililonse la chaka choyamba la maphunziro amenewa, chimene chikufunika ndi munthu wozitulutsa m'bukumo nkuziyesa pa maboti athu, a matabwa athu, okhomedwa mmene amakhomera ku Nkhotakota, ku Makanjira, ku Nkhata Bay, chifukwa kakhomedwe kake sikofanana.

Mapeto a ntchito yonseyi ndi mzere wa penti. Ku Britain phungu wina, Samuel Plimsoll, analimbana ndi eni sitima amene ankadzadzitsa zombo zao mpaka kumiza anthu, ndipo mu 1876 lamulo linakakamiza kuti pathupi pa sitima pazikhala chizindikiro, madzi akachikwirira ndiye kuti mwapyola. Mpaka lero chilipo pa sitima zonse zikuluzikulu, ndipo chili ndi mzere wapadera wa madzi opanda mchere, poti madzi ngati athuwa ndi opepukirapo, makilogalamu 1,000 pomwe a mchere ndi 1,025 pa muyeso omwewo, nde chombo chimalowa m'madzi mozamirapo kuno kuposa ku Beira. Ubwino wa mzere ndi woti sufuna digiri kuti uuwerenge. Agogo osadziwa kulemba angathe kuima pagombe nkunena kuti mzere sukuoneka, ine sindikwera. Lamulo tili nalo, Inland Waters Shipping Act, dipatimenti yoona za pamadzi iliponso ndi anthu ake oyendera zombo, koma magombe ndi ochuluka zedi moti sangakhale paliponse m'mawa ulionse, pomwe mzere umakhala pa boti usana ndi usiku. Koma kuti mzerewo ukhale pamalo oyenera, osati pongopenekera, pafunika munthu wamasamu, ndipo ntchito ya yunivesite nde imeneyo.

Tsono wina anena kuti iwe ukunyoza amisiri ndi asodzi, anthu amene akhala panyanja kuyambira makolo. Ayi ndithu, ndipo nchifukwa chake ndikuti semina ipite kwao. Msodzi wa chilimira amadziwa mwera, mpoto, vuma, zambwe, amayang'ana mtambo ndi kaonekedwe ka madzi nkukuuza kuti pofika masana kuipa, zimene pulofesa wa ku Blantyre sangazione olo atavala magalasi awiri. Mmisiri amadziwa thabwa limene lingapindike osasweka, amadziwa pothira phula. Chimene chasintha ndi katundu. Boti limene kapangidwe kake kanali ka ukonde ndi anyamata khumi lero likunyamula simenti, njinga zamoto, mafiriji ndi anthu a ukwati onse, kumbuyo kuli injini yamphamvu imene makolo sankaidziwa. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikutha, mlombwa wakwera mtengo, anthu akukhomera matabwa alionse amene apeza, ena ayamba za faibagalasi. Nzeru zamakolo sizinayesedwepo pa katundu otere, nzeru za m'buku nazo sizinayesedwe pa matabwa amenewa, nde awiriwa akhale pansi limodzi, mmisiri ayankhule Chitonga kapena Chiyao chake, wophunzira alembe.

Za mafunde nazo. A zanyengo amalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera, asodzi ndi oyenda panyanja samalani, ndipo amachita bwino. Koma chenjezo limeneli ndi limodzi kwa onse, wa bwato, wa boti la mamita 8, wa sitima yachitsulo, kuyambira May mpaka August mphepo ikuomba pafupipafupi, munthu sangasiye ntchito miyezi inayi ana adya chani. Mwera umaomba motsata litali la nyanja kuchokera kumwera, nde ukamafika kumpoto mafunde amakhala atakula, komanso mafunde a nyanja ngati yathu amakhala afupiafupi ndi oimirira, boti lisanatsike pa lina linzake lafika kale. Tikanakhala ndi timaboya tingapo, tizipangizo toyandama toyeza mafunde chaka chonse pa Likoma, pa Nkhata Bay, pa Chilumba, nkuphatikiza ndi manambala a maboti aja, bwenzi chenjezo likunena kuti lero maboti a kukula kwakuti asapyole pakuti, enanu pitani koma chepetsani katundu. Chenjezo lotere munthu amalimvera chifukwa likuyankhula za boti lake.

Ndikudziwanso vuto la aphunzitsi a ku yunivesite, ena ndi anzanga timamwera limodzi tiyi. Kuti akwezedwe pantchito amafunika mapepala osindikizidwa m'majenolo akunja, ndipo ndalama za kafukufuku zimachokera kwa madona amene amabwera ndi mitu yawoyawo, chaka chino jenda, chaka chamawa nyengo, nde munthu amalemba polojekiti motsata kumene kuli ndalama, za boti la matabwa zimaoneka zazing'ono, zosapatsa ulemu. Koma apa ndikuona kuti akudziphonya okha. Za sitima zonyamula makontena alemba kale anthu masauzande amene ali ndi maiwe oyeserera ndi makompyuta amphamvu, iwe wa ku Chichiri sungapikisane nawo pamenepo. Pomwe maboti a matabwa onyamula anthu ali pa Victoria, pa Tanganyika, pa Mweru, pa Bangweulu, pa mtsinje wa Congo, ndipo akumiza anthu chaka ndi chaka, amene angabwere ndi manambala enieni a maboti 50 oyezedwa bwinobwino adzamvedwa kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zipangizo zoyambira zilipo kale, zangobalalika. Ku Monkey Bay kuli Marine Training College yophunzitsa oyendetsa sitima ndi oona za mainjini, pafupi pomwepo pali malo okonzera sitima, palinso ofufuza za nsomba ndi sitima yao ya Ndunduma. Ku Mpwepwe ku Mangochi kuli koleji ya za usodzi kumene nkhani yokhoma maboti si yachilendo. MUBAS ili ndi mainjiniya a zamakina, MUST ku Thyolo ili ndi ake, Mzuni ndi LUANAR ali ndi anthu a zansomba amene magombe amawadziwa ndipo mafumu a kumeneko amawadziwa. Palibe chifukwa choyambitsa fakote yatsopano ndi ma Prado ake, pangofunika kuti anthu amenewa azikumana pa boti limodzi, ndipo amene akufuna kupitiriza atumizidwe ku Dar es Salaam Maritime Institute pafupi pompa, kapena ku World Maritime University ku Malmö imene bungwe la IMO, loona za sitima padziko lonse, linakhazikitsa mu 1983 makamaka chifukwa cha maiko ngati athu, koma apite ndi funso la kwathu m'chikwama, osati kukatenga funso la eni ake nkubwera nalo kuno lopanda pogwira.

Ndipo musaganize kuti za maboti ang'ono sizikhudza zazikulu. Nkhani yogula sitima yolowa m'malo mwa Ilala yakhala ikumveka zaka ndi zaka. Tsiku limene ndalama zidzapezeke, adzalembe ndani kuti tikufuna sitima yotere, yolowa m'madzi mamita akuti chifukwa madoko athu ambiri ndi osaya ndipo kwina anthu amatsikira m'maboti, yopirira mafunde otalika mwakuti, yonyamula katundu wa mtundu wathu, matumba a usipa ndi chinangwa osati masutikesi? Ngati ulibe manambala ako umagula chimene wogulitsa ali nacho, ndipo iye adzakuuza kuti nchabwino. Nyanja yathunso simakhala pamodzi, cha m'ma 2016 ndi 2017 inatsika mpaka magetsi kumangozima, mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi, ndipo kalekale pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika moti Shire analeka kutuluka bwinobwino. Omanga doko osaganizira zimenezi amanga chipilala. Za ku Nsanje tonse tikuzidziwa, doko linatsegulidwa ndi chimwemwe mu October 2010, atsogoleri a maiko oyandikana nafe alipo, koma a ku Mozambique anati kafukufuku wa mtsinje ayambe wachitika kaye, ndipo mpaka lero simenti ija ikungoothera dzuwa. Pomwe a Tanzania mbali yao ya nyanja yomweyi, pa Itungi ku Kyela, anamanga MV Njombe, MV Ruvuma ndi MV Mbeya II pomwepo pagombe, kampani yake ya m'dziko momwemo, ndiye kuti achinyamata awo anaona ndi maso mmene sitima imabadwira.

Chovuta chenicheni chimene ndikuchivomereza ndi eni maboti. Mzere ukapentedwa ndiye kuti ulendo umene ankanyamula anthu 60 mwina azinyamula 40, mafuta ndi omwewo, mtengo wa petulo mukuudziwa, nde kaya akweza mtengo wokwerera kaya usiku adzafufuta mzere nkuupenta pamwamba. Ameneyu si munthu oipa, akusaka ya ndiwo. Nchifukwa chake kafukufukuyu asathere pa kuletsa, apitirire pa funso limene mwini boti angalikonde, loti kodi tingalikhome bwanji boti kuti linyamule omwewo 60 koma mosaopsa, kulitambalitsa pang'ono, kukweza m'mbali ndi thabwa limodzi, kuika katundu olemera pansi anthu nkukhala pamabenchi otsika, kumangirira zigubu zotseka pansi pa mabenchi kuti olo litadzadza madzi lisamire anthu apeze pogwira, kusankha pulopela yoyenera kuti injini isamamwe mafuta ngati chidakwa. Ukamuuza munthu kuti njira iyi ikupulumutsira malita awiri pa ulendo, za mzere adzamvera yekha. Ndipo makomiti a m'magombe alipo kale, amene amaona za usodzi, mafumu alipo, mzere umene anthu a pamudzi anauona ukuyezedwa ndi maso awo ndi ovuta kuufufuta kusiyana ndi obwera ndi kalata yochokera ku Capital Hill.

Nde semina yotsatira ya za pamadzi, okonza ake ndikupempheni, ndalama ya holo ndi maswiti ija mugule matumba khumi a simenti, chingwe, lula, tepi yoyezera ndi chitini cha penti yofiira, muitane amisiri atatu, eni maboti asanu, oyendera zombo, ophunzira khumi ndi aphunzitsi awo, mukumane pagombe 5 koloko m'mawa nyanja isanadzuke. Pepala lililonse lowerengedwa masana pansi pa mtengo likhale ndi nambala imene yayezedwa m'mawa omwewo, ndipo liyankhulidwe m'chiyankhulo choti mwini boti atsutse ngati akuona kuti nzabodza, chifukwa adzatsutsa ndithu ndipo pena adzakhala akulondola. Alawansi apatsidwe kamnyamata kokapa madzi kaja, simenti mukamaliza musiyire sukulu ya pamudzipo. Boti loyamba kuyeza ndikulidziwa, ndikakulozerani, ndipo achimwene otolera ndalama aja ndikufuna adzagwire okha lula.